Glenfiddich 12 ndi Appleton Estate 12: zaka za ku Scotland si zaka za ku Jamaica

Pa mashelefu a mabala ndi mabotolo sitolo a mu mzinda wa Mzuzu pali mabotolo angapo olembedwa nambala 12, ndipo ogula ambiri amaiwerenga nambalayo ngati chizindikiro cha ulemerero basi, osalingalira kuti zaka zimene mowa wakhala mu mgolo m'dziko lozizira zimagwira ntchito yosiyana kwambiri ndi zaka zomwezo m'dziko lotentha. Ndinalawa mabotolo awiri otere moyandikana, wisiki wa Glenfiddich wa ku Scotland ndi ramu wa Appleton Estate wa ku Jamaica. Onse ndi abwino ndipo palibe amene ndingamukane, koma ramuyo ndiye ali ndi zambiri zouza lilime, ndiponso ndiye amene anthu kwathu kuno amamupeputsa popanda chifukwa, pomuyesa mowa wa achinyamata wongoyenera kusakaniza ndi zoziziritsa kukhosi.

Ndinawalawira pa bala yaing'ono ya loji ina cha ku Katoto, m'mwezi wa Julaye, nthawi imene chifunga cha ku Viphya chimakuta mzinda ndipo kamvula kowaza kamatha tsiku lonse. Nyengoyi ili ndi gawo pa nkhaniyi, chifukwa mowa wotere umafuna kumwedwa uli wosazizira, ndipo kuzizira kwa Mzuzu kumachotsa chilakolako chodzaza tambula ndi ayisi, chimene munthu sangachipewe ali ku Karonga mu Okutobala. Bambo wogulitsa pa kauntala anasonyeza kuti ntchito yawo amaidziwa. Sanandipatse tambula yotambalala ija, koma tigalasi tiwiri ta mimba yaikulu ndi kamwa laling'ono, timene timasonkhanitsa fungo kuti lisabalalike. Anayeza toti iliyonse ndi kachikho kachitsulo ine ndikuona, kenako anaika pambali kajagi ka madzi ndi supuni yaing'ono. "Akulu, muyambe mwanunkhiza, ndipo madziwo muthire pang'onopang'ono," anatero, n'kubwerera kukatsuka matambula. Sanandikakamize kuwonjezera, ndipo chimenechi ndinachiyamikira kuposa zonse.

Glenfiddich ndiye wofatsa, choncho amayenera kulawidwa poyamba lilime lisanatope. Fakitale yake ili ku Dufftown, m'chigawo cha Speyside, ndipo anaimanga ndi William Grant pamodzi ndi ana ake mu 1886. Mowa woyamba unatuluka pa tsiku la Khirisimasi mu 1887, ndipo kufikira lero kampaniyo ili m'manja mwa banja lomwelo. Ndi wisiki wa mtundu wa single malt, kutanthauza kuti wachokera ku fakitale imodzi ndipo wapangidwa ndi chimera cha barele chokhachokha, madzi ndi yisiti. Aliyense amene anaonapo agogo akunyika mawere kuti amere, n'kuwayanika, n'kuwasinja pokonzekera thobwa, akulidziwa kale gawo loyamba la ntchitoyi. Madzi otsekemera a chimeracho akawira kwa masiku ochepa amatchezedwa kawiri m'miphika ikuluikulu ya mkuwa, ndipo wotchezayo amapatula zoyamba kutuluka ndi zomalizira n'kuzibwezera mu mphika, kusunga zapakati zokha. Pamenepa ndi pamene wisiki amasiyanirana ndi kachasu, amene anthu amalimbirana mutu wake chifukwa cha ukali, pomwe mbali imeneyo ndiyo imanyamula zinthu zoluma kukhosi ndi zonunkha ngati mankhwala.

Malamulo a ku Scotland ndi okhwima, ndipo ndi amene amapatsa nambala ija tanthauzo. Mowa sungatchedwe Scotch usanakhale zaka zosachepera zitatu mu mgolo wa mtengo wa oak m'dziko lomwelo, mphamvu yake singatsike pansi pa 40 peresenti, ndipo nambala yolembedwa pa botolo imanena za wisiki wamng'ono kwambiri mwa onse amene asakanizidwamo. Choncho mu botolo lobiriwira la makona atatu lija mulibe dontho lochepera zaka 12. Migolo yake ndi ya mitundu iwiri, ina ya oak wa ku America ndipo ina ya oak wa ku Ulaya imene inasungapo vinyo wa sherry.

M'galasi amaoneka wagolide wowala. Fungo loyamba kufika ndi la apozi wobiriwira amene wangodulidwa kumene, kenako uchi pang'ono ndi udzu wouma. M'kamwa ndi wosalala ndi wotsekemera mwaulemu, saluma, ndipo akadutsa kukhosi amasiya kafungo ka mtengo kamene sikachedwa kuzimirira. Nditathira madontho angapo a madzi fungo la zipatso linakwera, koma thupi lake linapepuka msanga, zimene zinandisonyeza kuti pa 40 peresenti wisikiyu anathiridwa kale madzi okwanira ku fakitale ndipo safuna ambiri. Ndi mowa waukhondo, wopanda chilema, woyenera munthu amene akuyamba kumene kuphunzira, ndiponso woyenera kupatsa mlendo amene simukudziwa zokonda zake. Chimene ndinganene mosabisa n'choti nkhani yake ndi yaifupi: kulawa kwachiwiri kumangobwereza zimene koyamba kunanena kale.

Appleton Estate ali ndi mbiri ina. Munda wake wa nzimbe uli m'chigwa cha Nassau, m'dera la St Elizabeth ku Jamaica, ndipo zolembedwa zimasonyeza kuti ramu anayamba kupangidwa kumeneko mu 1749. M'zaka zimenezo minda ya nzimbe ya pa zilumba za Caribbean inkalimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa, ndipo munthu wa kuno sayenera kunyamula galasi la ramu ngati kuti mbiriyo saidziwa. Ramu wambiri amapangidwa ndi molasses, madzi akuda okhuthala aja amene amatsala shuga akachotsedwa m'madzi a nzimbe. Ku Appleton amatcheza m'njira ziwiri, m'miphika ya mkuwa imene imatulutsa mowa wolemera ndi wonunkhira kwambiri, komanso m'mipope yoimirira imene imatulutsa wopepuka, ndipo luso lenileni lili posakaniza mitundu iwiriyi itakhwima. Luso limeneli ndi limene linatchukitsa Joy Spence, katswiri wa sayansi ya chemistry amene mu 1997 anakhala mayi woyamba padziko lonse kupatsidwa udindo wa master blender, kutanthauza wosakaniza wamkulu, pa kampani yopanga mowa wotcheza. Monga ku Scotland, nambala 12 ya pa botolo lawo imanena za ramu wamng'ono kwambiri, ndipo mphamvu yake ndi 43 peresenti.

Ramu ameneyu ndinachedwa naye. M'galasi ndi wofiirira ngati mkuwa wakale, ndipo mukalipendeketsa galasilo amatsika m'mbali mwake mochedwa. Fungo loyamba ndi la khungu la lalanje, lakuthwa ndi lomveka bwino, ndipo pambuyo pake pamabwera shuga wopserera, koko ndi khofi wokazinga. Mukalisiya galasilo mphindi zingapo mukulifunditsa ndi chikhatho, pamatuluka fungo la nthochi yakupsa kwambiri, limene ndi chizindikiro cha ramu wa ku Jamaica wotchezedwa mu mphika. Munthu akamva fungo lonseli amayembekezera chinthu chotsekemera ngati manyuchi, koma m'kamwa zinthu zimatembenuka: kutsekemera kumafika poyamba n'kuchoka, ndipo m'malo mwake mumatsala kuwawa kosangalatsa kwa mtengo ndi kafungo ka zokometsera monga nutmeg, kamene kamakhalitsa mpaka mutaiwala kuti munameza liti. Kutembenuka kumeneku ndiko kunandigonjetsa. Madontho atatu kapena anayi a madzi anafewetsa ukali wake osachepetsa thupi, ndipo lalanje lija linamveka kwambiri. Wogulitsa uja atandibweretsera kapu ya khofi wa Mzuzu wopanda shuga, ndinaona kuti ziwirizi zimayenderana kwambiri, chifukwa kuwawa kwa khofiyo kumatsuka m'kamwa ndipo kulawa kotsatira kumamveka ngati koyamba. Kwa munthu amene anazolowera ramu wonunkhiritsidwa ndi vanila wa m'mabala athu, ameneyu angamuone wouma pa kulawa koyamba, ndipo angafunike kudekha naye.

Chimene chimasiyanitsa mabotolo awiriwa si nzimbe ndi barele zokha, koma kutentha kwa nyumba imene migolo imagonamo. Mowa ukamatuluka mu mphika umakhala woyera ngati madzi, ndipo mbali yaikulu ya kukoma kwake imachokera mu mtengo. Mkati mwa mgolo amawaulamo ndi moto, choncho makala ake amachotsa zoluma, pomwe mtengo wa kuseri kwa makalawo umapereka mtundu, fungo la vanila ndi kuwawa kuja. Kukatentha mowa umafufuma n'kulowa m'thabwa, kukazizira umabwerera utanyamula zimene wapezamo, ndipo nthawi yonseyi mbali ina imauluka kudzera m'thabwa lomwelo, imene opanga mowa amaitcha gawo la angelo. Ku Scotland mgolo umataya pafupifupi 2 peresenti pa chaka, pomwe ku Jamaica umataya pafupifupi katatu kuposa pamenepo. Mukawerengera bwino, mgolo wa ku Dufftown umakhala utataya gawo limodzi mwa magawo asanu pakutha pa zaka 12, koma wa ku Jamaica, ukasiyidwa osawonjezeredwa, umakhala utataya oposa theka. Ndiye chifukwa chake ramu wa zaka 12 amamveka wokhwima ngati wisiki wa zaka zambiri kuposa pamenepo. Sindikunena kuti kufulumira n'kwabwino nthawi zonse, chifukwa kukhwima kochedwa kwa m'dziko lozizira kumasunga fungo lanthete la zipatso limene kutentha kukanalikwirira ndi mtengo, ndipo apozi uja wa mu Glenfiddich ndi umboni wake. Chochititsa chidwi china n'choti migolo yambiri ya m'maiko onse awiri inachokera kumodzi. Lamulo la ku America limafuna kuti wisiki wa bourbon azikhwimira mu mgolo watsopano nthawi zonse, choncho migolo yogwirapo ntchito imagulitsidwa ku Scotland ndi ku Caribbean.

Wogula ayenera kuchenjera ndi zinthu zingapo, makamaka pa ramu, chifukwa malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko. Pali mabotolo ena olembedwa nambala yaikulu ngati 23 popanda mawu oti zaka, ndipo ramu wake anakhwimitsidwa m'njira ya solera, imene imasakaniza wakale ndi watsopano mosalekeza, kotero kuti nambalayo imanena za gawo lakale kwambiri, osati lonse. Ena amathiramo shuga ramuyo atakhwima kale kuti amveke wosalala, ndipo kusalala koteroko anthu amakuyesa ukalamba. Mtundu nawonso si mboni yodalirika, popeza ngakhale malamulo a Scotch amalola kuthira utoto wa caramel kuti mabotolo onse azioneka ofanana. Komanso mowa wotcheza sukhwima mu botolo: wisiki wa zaka 12 amene wakhala m'kabati kuyambira pa ukwati wa mwana wanu woyamba akadali wa zaka 12 zomwezo, ndipo ngati botololo linatsegulidwa n'kutsala pang'ono, mpweya umakhala ukumuphwetsa fungo.

Pa shelefu pomwepo panali mabotolo ena awiri oyenera kutchulidwa, amene ndinawalawa tsiku lina. Laphroaig wa zaka 10, wochokera pa chilumba cha Islay, amaumitsa chimera chake ndi utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo lopangidwa ndi zomera zimene zinawolerana kwa zaka zikwizikwi. Amanunkha utsi, phula ndi mankhwala otsukira mabala, ndipo alibe pakati: kapena mudzamukonda kwambiri kapena mudzabweza galasi. Azilawidwa pomaliza, chifukwa akadutsa iye lilime silimvanso china. Winayo ndi Bain's wa ku Wellington ku South Africa, wopangidwa ndi chimanga chokhachokha pa fakitale ya James Sedgwick. Ndi wofewa, wonunkhira vanila ndi nthochi, ndipo mtengo wake ndi wofikirika poyerekeza ndi anzakewo. Amene akuganiza kuti wisiki wabwino sangachokere ku Africa, kapena sangachokere ku chimanga, ayambe walawa ameneyu.

Bala imeneyi ili ndi zofooka zake, ndipo zina zikuwononga ntchito yabwino ya wogulitsa uja. Mabotolo odula anawandandalika pafupi ndi zenera loyang'ana kumadzulo, pamene dzuwa limawawomba masana onse, chonsecho kuwala kumafwifwitsa mtundu ndipo kutentha kumaumitsa chitsekerero. Ayisi amene anapatsa bambo wina pafupi nane ankanunkha firiji yosungiramo nsomba, ndipo ndinamva chisoni kuona wisiki wodula akuthiridwa pa chinthu chotero. Palibe pepala la mitengo, kotero kuti kasitomala amayenera kufunsa botolo lililonse payekha, zimene zimachititsa manyazi anthu ena mpaka amangoitanitsa chimene anachizolowera. Usiku utakula anakweza nyimbo ndipo fungo la tchipisi linalowa kuchokera kukhitchini, choncho amene akufuna kulawa mosamala afike dzuwa likungolowa kumene. Zonsezi n'zotheka kukonza popanda ndalama zambiri.

Za mtengo, palibe chifukwa chonamizana: mowa umenewu ndi wodula, ndipo unadula kwambiri kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuwonjezera pa kusowa kwa ndalama zakunja kumene kumachititsa kuti botolo likatha lisabwerenso msanga. Ndiye chifukwa chake ndikuona kuti kugula toti pa bala yodalirika n'kwanzeru kuposa kuthamangira botolo lonse limene simunalilawepo. Kudula kumeneku kwabweretsanso vuto la mowa wachinyengo, wothiridwa m'mabotolo akale a mayina otchuka. Botolo lililonse limene mtengo wake watsika modabwitsa liyenera kukayikiridwa, ndipo wogula aone ngati chitsekerero chili chomata bwino, ngati zolembedwa zili zosafufutika, ndiponso ngati sitampa ya msonkho ilipo. Pa bala, si mwano kupempha kuti botolo libwere pa kauntala ndipo toti ithiridwe inu mukuona. Nkhani ya muyezo nayo ndi yosavuta kuiwerengera: toti ya mamililita 25 ya mowa wa 40 peresenti ili ndi mamililita 10 a mowa weniweni, ndipo matoti awiri omwedwa mofatsa, ndi madzi akumwa pambali, ndi okwanira kumva zonse zimene ndafotokozazi. Kupyola apo mphuno imagona, ndipo munthu amakhala akulipira mtengo wa Appleton pa ntchito imene mowa wina uliwonse ungaigwire. Amene walawa asayendetse galimoto, makamaka pa misewu ya mzinda uno chifunga chikatsika.

Kwa amene akugulira mphatso apongozi kapena abwana a kuntchito, Glenfiddich ndi wosaphonya. Kwa amene akudzigulira yekha ndipo akufuna mowa woti aziupeza watsopano nthawi iliyonse akaubwerera, ndingamulozere ku Appleton Estate mosazengereza.

Ramu ameneyu amandikhudzanso pa chifukwa china. Munthu akatsika ku Nkhata Bay n'kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja kulowera kumwera amafika ku Dwangwa, kumene nzimbe zimayala mpaka maso kulephera, ndipo ku Nchalo m'chigwa cha Shire ziliko zambiri kuposa pamenepo. Molasses wa ku Dwangwa wakhala akusandutsidwa ethanol kuyambira mu 1982, ndipo ku Chikwawa nakonso kuli fakitale yochita zomwezo, choncho zipangizo ndi luso lotcheza tili nazo kale. Chilumba cha Mauritius, chimene chimalima nzimbe ngati ife, chinayamba kusunga ramu wake m'migolo ndipo lero mabotolo a Chamarel ndi New Grove amagulitsidwa kunja. Kutentha kwa ku nyanja kungakhwimitse ramu msanga monga ku Jamaica, pomwe kuzizira kwa Mzuzu ndi Chikangawa kungasunge migolo ina kuti ikhwime mochedwa, ndipo wosakaniza waluso angapindule ndi nyengo ziwirizi m'dziko limodzi. Chofunika ndi migolo ya oak, ndalama zimene mwini wake angalole kuti zigone zaka zambiri mbali ina ikuuluka, komanso muyezo wa boma wonena kuti nambala ya pa botolo ndi ya mowa wamng'ono kwambiri m'katimo. Muyezo umenewu ndi umene ungafunike poyamba, chifukwa popanda iwo wopanga amene wadikira zaka zisanu adzapikisana pa shelefu imodzi ndi amene wathira utoto ndi shuga mu mowa wa sabata yatha n'kulembapo nambala imene wafuna.